Kodi bwalo la disc golf loyenera ongoyamba kumene limadziwika bwanji?

Kuyambira mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa anthu kufunafuna masewera apanja osafuna chigulu, disc golf yafala mwachangu ku America ndi ku Ulaya. UDisc, apu ya pafoni imene osewera amalembapo zotsatira zawo ndi kufufuzirapo mabwalo, ili ndi mabwalo oposa 15,000 a padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mapaki momwe munthu salipira kanthu. Pa apu yomweyo osewera amapatsa bwalo lililonse nyenyezi, zochuluka kwambiri n'kukhala 5. Chisokonezo chimayambira pamenepa. Bwalo lalifupi limatha kupatsidwa nyenyezi zochepa ndi katswiri amene walimaliza osatuluka n'thukuta lomwe, pamene bwalo lotamandika limabweza wophunzira kunyumba atataya madisiki awiri m'dziwe, mtima wobwereranso utatheratu. Kuvuta kwa bwalo ndi ubwino wake ndi miyeso iwiri yosiyana. Bwalo losavuta likhoza kukhala lokonzedwa mwaluso kwambiri, likhozanso kukhala mabasiketi ongomwazidwa pamtetete.

Masewerawa mwachidule

Disc golf ndi gofu wopanda ndodo ndi mpira. Wosewera amaponya disiki, kambale kapulasitiki kotambalala masentimita 21 kapena 22, kolemera pafupifupi ngati foni ya m'manja. Malamulo salola kupyola magalamu 200, ndipo madisiki ambiri amalemera pakati pa 165 ndi 175. Amayambira pamalo otchedwa tee, n'kuponya cholinga chili pa basiketi yachitsulo yoimikidwa pamzati, yokhala ndi matcheni olendewera amene amagwira disiki n'kuigwetsera m'dengu la m'munsi. Pamene disiki yagwera m'pamene amaponyeranso, mpaka italowa. Mtunda wonse wochokera pa tee kukafika pa basiketi amautcha hole, dzina lobwereka ku gofu ngakhale kuno kulibe dzenje lililonse. Bwalo limakhala ndi ma hole 9 kapena 18, ndipo wopambana ndi amene waponya kochepa. Par ndi chiwerengero cha kuponya kumene wodziwa masewerawa amayembekezeka kumalizira hole. Pa mabwalo a ophunzira pafupifupi hole iliyonse par yake ndi 3.

Bwalo loyamba lokhazikika analikonza Ed Headrick mu 1975 ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena ku California. Poyamba osewera ankangogenda mizati, ndipo basiketi ya matcheni imene Headrick anailembetsa mu 1977 inathetsa kukangana ngati disiki yakhudza mzati kapena ayi. Iye yemweyo anayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, mwachidule PDGA, mu 1976. Bungweli ndi limene limalemba malamulo, kuvomereza zipangizo ndi kupereka malangizo a kakonzedwe ka mabwalo.

Disiki ya wophunzira imapita kuti?

Amene akufuna kuweruza bwalo la ongoyamba ayenera kuyambira apa, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pa kaulukidwe ka disiki m'manja mwa munthu wosazolowera.

Madisiki alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Putter ili ndi mlomo wobulungira, imauluka pang'onopang'ono ndipo ndi yolowetsera m'basiketi. Midrange ndi ya mitunda yapakati. Driver ili ndi mlomo wotambalala ndi wakuthwa, ndipo ndi yopita kutali. Pa madisiki ambiri pamadindidwa manambala anayi, loyamba mwa iwo n'kukhala la liwiro limene disikiyo imafuna kuti iuluke bwino. Mwa madisiki a kampani ya Innova, Aviar ili pa 2, Leopard ili pa 6, Destroyer ili pa 12. Nambala imeneyi sikutanthauza kuti disikiyo ikupatsani liwiro. Ikutanthauza kuti dzanja lanu ndi limene liyenera kulipereka.

Ongoyamba ambiri amaponya ndi dzanja lamanja, likuchokera pachifuwa kupita kunja ngati wofesa mawere. Kaponyedwe aka amakatcha backhand. Disiki yoponyedwa motere imazungulira motsata mivi ya wotchi, ndipo ikamatha mphamvu imakhotera kumanzere nthawi zonse. Wophunzira amakonda kusankha driver poganiza kuti ifika patali, chonsecho alibe liwiro lake, komanso amaitulutsa mphuno itadzuka. Imakwera m'mwamba, n'kuima ngati yagunda khoma, kenaka n'kugwera kumanzere itangoyenda mamita 30 kapena 40. Nthawi zina amachedwa kuisiya, ndiye imathawira kumanja ili ndi mphamvu zonse. Katswiri amapyola mamita 120 mosavutika ndipo disiki yake imatsata mzere umene waufuna. Za wophunzira zimamwazika ngati lichero lotambasuka kuchokera pa tee, ndipo mbali yolemera ya licherolo ndi ya kumanzere, pafupi.

Choncho mukaima pa tee ya bwalo lotchedwa la ophunzira, musayang'ane basiketi poyamba. Yang'anani kumanzere, mamita 30 mpaka 50 kutsogolo. Ngati pali dziwe, msewu, mpanda wa munthu, malo osewerera ana kapena tchire la minga, wokonza bwalolo anaganizira dzanja lake osati la mlendo. Ichi ndi cholakwa chimene chimapezeka kawirikawiri, ndipo n'chomvetsa chisoni chifukwa kusuntha tee mamita ochepa kukanachithetsa.

Utali woyenera

Malangizo a PDGA amanena kuti bwalo lokomera ongoyamba lisamapyole mamita 75 pa hole imodzi mukawerengera pakatikati, kutanthauza mamita pafupifupi 675 pa ma hole 9 kapena 1,350 pa ma hole 18. Utali umene amaukonda kwambiri ndi wa mamita 60 mpaka 73. Amanenanso kuti hole isafupike kuposa mamita pafupifupi 30. Kuti muone bwino m'maganizo, yaifupi kwambiri ikhale ngati utali wa bwalo la netball, ndipo yapakatikati ikhale ngati magawo awiri mwa atatu a bwalo la mpira wamiyendo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Pa hole ya mamita 60, wophunzira akaponya koyamba amatsala ndi mamita 20 kapena 25, kachiwiri amafika pafupi, kachitatu kapena kachinayi walowetsa. Tsiku lina amapeza par, ndipo amaona kuti akupita patsogolo. Pa hole ya mamita 150 amaponya kanayi basiketi asanaiyandikire n'komwe, ndipo am'mbuyo mwake akudikira akumuyang'ana. Mtunda wa mamita 75 si wamasewera ngakhale kwa akatswiri: ndi umene James Conrad analowetsera disiki pa hole yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse wa 2021 ku Ogden, Utah, n'kufanana ndi Paul McBeth asanamugonjetse pobwereza, ndipo anthu amakambabe za kuponya kumeneko.

Tepi yoyezera yokha imanyenga pamalo a zitunda. Okonza mabwalo amachulukitsa katatu kukwera kapena kutsika kwa malo, n'kuwonjezera kapena kuchotsera pa utali. Hole ya mamita 60 imene basiketi yake ili mamita 5 pamwamba pa tee imaseweredwa ngati ya mamita 75. Yotsetsereka imafupika mofananamo, koma ili ndi vuto lakelake: disiki imakhala nthawi yaitali m'mlengalenga, ndiye ikalakwika imapatuka kutali kwambiri kuposa pamalo athyathyathya.

Mitengo, madzi ndi tchire

Bwalo lopanda mtengo n'umodzi womwe silivuta, komanu siliphunzitsa kanthu ndipo limatopetsa pofika hole yachinayi. Mitengo ndi imene imapatsa wosewera funso loti ayankhe: ndidutse kumanja kapena kumanzere, pansi pa nthambi kapena pamwamba? Nkhani yagona pa malo amene mitengoyo yaima. Mpata wopapatiza womwe uli mamita 5 kuchokera pa tee umalanga wophunzira asanayambe n'komwe, ndipo disiki yogunda mtengo pafupi chotero imatha kubwerera kwa anthu oima kumbuyo. Mitengo yomweyo ikakhala cha pakati pa hole, mipata yake yoti galimoto ziwiri n'kudutsa mogundizana, imaphunzitsa kulunjika popanda kugwetsa munthu mphwayi. Pa tee iliyonse payenera kuoneka njira imodzi yoonekeratu imene disiki yoponyedwa bwino ingadutse. Ngati palibe, ndiye kuti zotsatira zikudalira mwayi.

Ma hole asakhotere mbali imodzi onse. Ena alunjike, ena akhotere kumanzere, ena kumanja. Okhotera kumanja amakomera amanzere, komanso amakakamiza ena kuphunzira forehand, kaponyedwe kochokera m'mbali ngati mwana akudumphitsa kamwala kaphanthi pamadzi.

Malo oletsedwa amatchedwa OB. Disiki ikagwera m'menemo wosewera amawonjezeredwa 1 pa chiwerengero chake, n'kuponyera pafupi ndi pamene inatulukira. Pali lamulo linanso lotchedwa mando, lokakamiza disiki kudutsa mbali inayake ya mtengo kapena mzati. Zonse ziwiri zili ndi ntchito pa mipikisano, koma pa bwalo la ophunzira zikachuluka zimaonetsa kuti malowo ngothina ndipo wokonza akuyesa kuletsa ngozi ndi malamulo. Wophunzira sangamvere mando ngakhale atafuna, chifukwa disiki simumvera iyeyo.

Madzi amasiyana ndi OB ya chingwe kapena ya penti pa chinthu chimodzi chachikulu: madisiki ambiri amamira. Katswiri wonyamula chikwama cha madisiki 20 amatenga ina n'kupitiriza. Wophunzira ali ndi imodzi kapena itatu, mwinanso yobwereka, ndipo ikamira masewera athera pompo. Hole yokakamiza kuwolotsa dziwe popanda njira yolizungulira siyenera kupezeka pa bwalo lotere.

Tchire la m'mbali ndi limene limadya nthawi yambiri. Malamulo amapereka mphindi 3 zofunafuna disiki isanawerengedwe kuti yatayika, koma munthu amene ali ndi disiki imodzi amafuna mpaka ataipeza. Udzu wofika m'mawondo umabisa disiki ngakhale mwaona pamene yagwera. Ku America m'tchire lotere mumakhalanso nkhupakupa ndi poison ivy, chomera chimene chimatulutsa zidzolo zoyabwa ngati kuti wakhudza chitedze. Tchire labwino ndi limene limakuvutitsani kuponya koma osakubisirani disiki: mitengo ikhalepo, pansi pake payere.

Tee ndi basiketi

Tee yabwino imaoneka ngati chinthu wamba, koma ndi imene phazi limadalira. Poponya, thupi lonse limazungulira pa chidendene cha phazi lakutsogolo, ndiye pansi pakakhala poterera kapena pokumbika bondo ndi limene limavulala. Kukula kozolowereka ndi pafupifupi mamita 1.5 m'lifupi ndi 3.7 m'litali, ndipo PDGA imalangiza kuti isachepere mamita 1.2 ndi 3. Yodalirika ndi ya konkire imene yakokedwa tsache isanaume kuti pakhale tizinere togwira nsapato. Yosalazidwa ngati pansi pa nyumba imaterera kukangogwa mame. Ku Finland amakonda kuyala udzu wapulasitiki pathandala la matabwa. Kulikonse, tee ikhale yosapendekeka, yolingana ndi nthaka yoizungulira kuti wopitirira kutsogolo asagwere m'chibumi, ndipo iloze kumene disiki iyenera kupita, chifukwa wophunzira amaponya kumene tee yaloza. Tee ya dothi chabe imayamba bwino, koma pakapita miyezi ingapo mapazi amakumba chidzenje chimene chimasunga madzi a mvula, anthu n'kuyamba kuponyera pambali, chidzenje chachiwiri n'kubadwa.

Basiketi yovomerezeka ili ndi dengu lotambalala pafupifupi masentimita 66, mlomo wake uli masentimita 82 kuchokera pansi, molola kusiyana kwa masentimita 6. Kusiyana kwa mabasiketi kuli pa matcheni. Okhala ndi mizere iwiri kapena itatu ya matcheni, 24 kapena kuposa, amagwira disiki bwino. A mzere umodzi amalola disiki kudutsa pakati kapena kugunda mzati n'kubwerera. Kwa wophunzira izi n'zopweteka kwambiri, chifukwa kulira kwa matcheni ndi mphotho imene waivutikira hole yonse. Disiki yokhala pamwamba pa denga la basiketi siwerengedwa kuti yalowa. Iyenera kukhazikika m'dengu kapena m'matcheni. Mzati uime chilili, ulowe m'paipi yomangidwira m'konkire ndipo utsekedwe ndi loko. Pa hole pakakhala mapaipi awiri, basiketi imatha kusunthidwa kuti nthaka yopondedwa ipume. Lamba wowala wa pamwamba, monga wachikasu wa mabasiketi a DISCatcher, umathandiza kuti ioneke pakati pa mitengo.

Malo ozungulira basiketi mpaka mamita 10 ali ndi lamulo lawo: woponyera m'menemo sayenera kugwera kutsogolo asanaonetse kuti waima bwino. Kukula kwake n'koposa pang'ono bwalo lozungulira la pakati pa bwalo la mpira, limene limafika mamita 9.15. Pa bwalo la ophunzira malo amenewa akhale oyera ndi osatsetsereka kwambiri. Basiketi ya pamphepete pa chitunda imasangalatsa akatswiri, koma putter ikaphonya n'kugwa cham'mbali imagubuduka mamita 20, ndipo munthu amene anali pafupi kumaliza amayambiranso.

Kupeza njira ndi kupewa ngozi

Mlendo amene wafika yekha opanda foni ayenera kumaliza bwalo osafunsa munthu. Pakhomo pakhale mapu. Pa tee iliyonse pakhale chikwangwani cha nambala, utali, par ndi chithunzi cha hole choonetsa OB. Pa basiketi pakhale nambala ndi kamuvi koloza ku tee yotsatira. Basiketi izioneka kuchokera pa tee. Pamene mabasiketi awiri akuoneka limodzi, manambala akhale aakulu. Hole yomaliza ithere pafupi ndi pamene yoyamba inayambira. Zonsezi n'zotchipa poyerekeza ndi konkire ndi zitsulo, komabe ndi zimene zimasowa kawirikawiri.

Pa chitetezo sipafunika kunyengerera. Driver ya katswiri imachoka m'manja pa liwiro lopyola makilomita 100 pa ola, ndipo ngakhale ya wophunzira ikhoza kung'amba nkhope kapena kuthyola dzino. Osewera amafuula kuti fore pochenjeza, koma mayi amene akuyenda ndi mwana m'paki sadziwa tanthauzo lake. Ma hole asadutsane, asawoloke njira ya anthu oyenda pansi, ndipo pasakhale poponyera pamene wosewera saona kumene disiki ikagwere. Tee yotsatira isakhale kumbuyo kwenikweni kwa basiketi kapena kumanzere kwake pafupi, kumene zophonya zimathera. PDGA imanena kuti ma hole 9 akhoza kukwana pa maekala 5, pafupifupi mahekitala 2, pamene bwalo la mipikisano la ma hole 18 limafuna maekala 30 mpaka 40. Mavuto ambiri a chitetezo amabadwa pamene anthu akakamira ma hole 18 pamalo okwana 9.

Bwalo lapadera kapena ma tee awiri?

Okonza mabwalo amasiyana maganizo pa njira yolandirira ongoyamba. Ena amati pamangidwe bwalo lalifupi lapadera la ma hole 9, lomalizika pasanathe ola, momwe mabanja ndi ana sangapanikizidwe ndi osewera achangu. Finland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni lomwe bwalo lake loyamba linatsegulidwa ku Meilahti mu Helsinki mu 1983, ili ndi mabwalo oposa 1,000, ndipo ambiri ndi aafupi otere, ena pafupi ndi sukulu. Otsutsa amati wophunzira amalikulira bwalo lotere m'miyezi yochepa, ndipo osewera okhazikika, amene ndiwo amatchetcha, kutola zinyalala ndi kukonza zowonongeka, salipitako.

Njira inayo ndi kuika ma tee awiri kapena atatu pa hole iliyonse ya bwalo lalikulu. PDGA imasiyanitsa milingo ndi mitundu, kuyambira wagolide wa akatswiri, kutsika ku wabuluu, woyera, wofiira, mpaka wobiriwira wa ongoyamba. Ubwino wake ndi woti abwenzi osiyana luso amasewera limodzi ndipo basiketi imodzi imatumikira onse. Kuipa kwake n'koti ma tee aafupi nthawi zambiri amaikidwa mongokumbukira pamapeto, opanda konkire kapena chikwangwani, ndipo mtunda woyenda umakhalabe wa bwalo lalikulu. Chosankha chimadalira kukula kwa malo, ndalama, ndiponso ngati pafupi pali bwalo lina lopitako munthu akakula luso.

Kuliyesa nokha

Nyenyezi za pa apu zikuuzani mmene anthu odziwa analionera. Kuti mudziwe mmene lilili kwa wongoyamba, tengani munthu amene sanaponyepo, mumupatse putter kapena midrange imodzi yopepuka ya magalamu pafupifupi 150, ndipo musamuuze njira. Werengani kuti wasokera kangati pakati pa basiketi ndi tee yotsatira, wathera mphindi zingati m'tchire, ndi kangati pamene anayenera kudikira kuti munthu woyenda pansi adutse. Onani ngati pali hole imene waponya koposa kasanu ndi kamodzi, n'kufunsa ngati wachititsa ndi utali, mpata wothina kapena chitsetse cha pa basiketi. Mukabwerenso mvula itagwa, kuti muone tee imene yasanduka chithaphwi ndi kumene madzi ayamba kukokolola nthaka yopondedwa mozungulira basiketi, malo amene zipalapala za mitengo zoyalidwa msanga zimateteza mizu. Mubwerenso nyengo imene udzu ukukula msanga, patatha milungu iwiri kapena itatu chitchetchereni, chifukwa hole imene inali yabwino tsiku lotsegulira imatha kumeza disiki iliyonse yophonya kumanzere.